Pansi pa Land Rover ya Amalume

Injini ya galimoto ili ndi oiyankhulira ambiri. Oyilo akachepa, kanyale kamayaka pamaso pa dalaivala. Madzi akaphwa, kamuvi ka kutentha kamakwera, kenako nthunzi imatuluka m'boneti. Ngakhale munthu amene sanagwirepo sipanala amadziwa kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera m'malo mwake, n'kuona pamene panyowa. Pamalo omwetsera mafuta anyamata amachita kudzipereka okha: "Tione oyilo ndi madzi, bwana?" Koma sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa za giyabokosi. Iyo ilibe nyale, ilibe kamuvi, ndipo pa magalimoto ambiri akale ilibe ndi kachitsulo koyezera komwe. Ikafika poyamba kulira, ndiye kuti mkatimo zitsulo zadyana kale.

Ine ndimasunga Land Rover ya Series III, yaitali ija ya mainchi 109, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Anandisiyira ndi amalume anga, amene anakalambira pa chiwongolero ku esiteti ina ya tiyi. Esitetiyo itatopa nayo galimotoyi, iwo anaigula ndi ndalama zawo zopumira pantchito. Land Rover yoyamba inatuluka ku Solihull, ku England, mu 1948, ndipo mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, choncho ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yafika kale zaka 40. Amene tinakulira kuno tikuzikumbukira bwino Land Rover zimenezi: ya boma, ya apolisi, ya ku mishoni yonyamula odwala usiku, ya m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Thupi lake ndi la aluminiyamu, dzimbiri sililigwira msanga, n'chifukwa chake zambiri zimaonekabe zathanzi mukaziona kunja. Chimene chimazipha chili pansi: chasisi chowola, ndi zitsulo zozungulira m'mabokosi amene palibe amawasuzumira.

M'giyabokosi ya galimoto imeneyi mulibe pampu yopopa oyilo monga zilili mu injini, mulibenso sefa. Oyilo amangokhala pansi pa bokosilo, ndipo magiya a shafuti yam'munsi amaviika mano awo momwemo. Akamazungulira amamwaza oyiloyo ponseponse, pa magiya apamwamba, pa ma bearing, m'timipata tonse. Ndi nzeru yosavuta, yopanda choti chiwonongeke, koma imadalira chinthu chimodzi: oyilo akhale wokwanira kuti manowo amutunge mokwana. Akatsika, zam'munsi zimanyowabe pamene zapamwamba zayamba kuuma. Dalaivala samva kanthu. Amangoyendabe, miyezi n'kumapita, mpaka tsiku lina akutsika mtsetse giya n'kutulukamo yokha. Ndipo popeza mulibe sefa, kalikonse kamene kaperepeseka pa chitsulo kamakhala momwemo, kumazungulira limodzi ndi oyilo, kumakhula zinzake.

Pali chikhulupiriro chofala pakati pa madalaivala, ndachimvapo ngakhale kwa amakaniko ena, chakuti oyilo wa m'giyabokosi sasinthidwa. Chili ndi kumene chinachokera. Oyilo wa mu injini amada msanga chifukwa amakumana ndi utsi, mwaye ndi mafuta osapsa. Wa m'giyabokosi sakumana ndi moto, ndiye amakhalitsa ndithu. Koma mankhwala amene anamusakaniza nawo amatha mphamvu, fumbi la chitsulo limachuluka, madzi amalowa. Choopsa kwambiri si kukalamba kwake ayi, koma kuchoka kwake mwakachetechete, dontho lero, dontho mawa, kudzera pa seal imene yauma ndi zaka. Amalume ankakonda kunena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ankatanthauza giyabokosi: poti siitana munthu, munthuyo ndiye azipita kukaifunsa.

Kuifunsa kwake n'kugona pansi. Ubwino wa Land Rover ndi kutalika miyendo, munthu amalowa pansi pake popanda jeke. Amene ali ndi galimoto yofupika, Datsun 120Y kaya Peugeot 404, asamalowe pansi podalira jeke yokha. Aike zitsulo zochirikiza zolimba, apo ayi apite pa dzenje la ku galaja. Njerwa zosanjikiza ndimazikana kwamtuwagalu, chifukwa zimaphwanyika osachenjeza.

Ndimayamba ndayendetsa kaye galimotoyo makilomita angapo kuti oyilo atenthe. M'mawa wa mu June oyilo wa magiya amananda, satuluka bwino, ndipo zinyalala zimene zinadikha pansi zimatsalira momwemo. Akatentha amapepuka, zinyalalazo zimavunduka n'kutuluka naye limodzi. Ndikabwerako ndimaimika pamalo athyathyathya, chifukwa muyezo wonse umadalira pamenepo, ndimazimitsa injini, n'kuika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Miyalayo si yamwambo chabe. Handibuleki ya Land Rover sigwira matayala, imagwira shafuti yopita kumbuyo, ndipo galimoto imatha kugwedezekabe pang'ono ngakhale mwaikoka mpaka pamapeto.

Mabokosi ake ndi awiri. Loyamba ndi giyabokosi yeniyeni, ya magiya anayi ndi rivesi. Kumbuyo kwake kunamangidwa lachiwiri, transfer box, limene limagawira mphamvu ku matayala akumbuyo ndi akutsogolo. Ndi lija mumalilamula ndi ndodo ya mutu wofiira ndi kanzake ka mutu wachikasu mukafika pamatope. Lililonse lili ndi oyilo wakewake, pulagi yake yothirira ndi pulagi yake yokhuthulira. Loyamba limamwa malita 1.5, lachiwiri malita 2.5, ndiye chigubu chimodzi cha malita 5 chimakwana onse awiri n'kutsalako wowonjezera m'miyezi ikubwerayo.

Ndisanamasule kanthu ndimapala kaye matope. Pansi pa galimoto yoyenda m'misewu yathu, fumbi ndi oyilo wodontha zimaumbana n'kukwirira mapulagi, moti mutu wake muchite kuufufuza ndi chala. Burashi ya waya, palafini pang'ono, kansanza. Ndimapukuta mpaka chitsulo chioneke mbee kuzungulira bowo, poti mchenga umene ungagweremo sudzatulukanso wokha.

Lamulo loyamba la amalume linali lakuti pulagi yothirira imasulidwe kaye, yokhuthulira isanakhudzidwe. Ndili mnyamata ndinkagona pambali pawo pa saka, nditagwira tochi, iwo n'kumayankhula osandiyang'ana.

"Mphwanga, ukayamba ndi yapansiyo, oyilo yense n'kukhuthukira m'beseni, kenako yapambaliyi n'kukana kumasuka, utani? Galimoto yaima pakhomo yopanda ndi dontho lomwe, ndipo sungaiyendetse kupita nayo kwa makaniko."

"Nanga ikakana poyamba pomwepo, amalume?"

"Ikakana wataya chiyani? Oyilo akadali momwemo. Uithire mafuta ofewetsa dzimbiri, uisiye igone, mawa uyeserenso. Osalimbana nayo ndi sipanala yosakwana, uphwanya mutu wake."

Pulagi yapambaliyo ili ndi ntchito ziwiri: ndiye pothirira, ndiyenso muyezo. Oyilo akakhala wokwana amafika pamlomo penipeni pa bowolo, mwina n'kuchucha pang'ono mukangomasula. Akapanda kuchucha, mumalowetsa kachala kakang'ono, n'kukapinda kuloza pansi. Kakatuluka konyowa kunsonga, wachepa pang'ono, muwonjezere. Kakatuluka kouma, mtima uyambe kugunda. Chida chonse choyezera ndi chimenechi, ndipo sichilira ndalama.

Land Rover zimenezi zili ndi nthenda imene aliyense wokhala nazo amaidziwa. Seal ya pakati pa mabokosi awiriwa ikatha, oyilo amasamuka m'giyabokosi kupita mu transfer box. Pansi sipaoneka dontho, mwini galimoto n'kumanyadira kuti yake sidontha, pamene bokosi lakutsogolo likuuma, lakumbuyo likusefukira. Chizindikiro chake sichisowa: mukamasula pulagi ya transfer box oyilo amakhuthuka n'kukuthirani m'manja, koma kachala m'bokosi lakutsogolo kamabwerako kouma. Yanga nayo yayamba zimenezi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ndimalowa pansi pake kawirikawiri kuposa mmene buku limanenera.

Tsono kukhuthula. Ndimasunga beseni loyera la ntchito imeneyi yokha, lotsuka bwino, ndipo bokosi lililonse ndimalikhuthula palokha. Pulagi yapansi ndimaimasula ndi sipanala mpaka itafewa, kenako ndimamaliza ndi zala, ndikuikankhira m'mwamba kuti oyilo asayambe kutuluka ndisanakonzeke. Mazinga omaliza akatha ndimachotsa dzanja msanga, koma oyilo wofunda salephera kutsetserekera m'mkono mpaka m'chigongono. Fungo lake ndi la sulufule, lolowerera, losatuluka msanga m'zovala, moti ovololo yanga imachapidwa payokha. Poyamba amatuluka mwamphamvu, kenako amaonda, kenako madontho. Ndimamusiya nthawi yaitali. Madontho omalizawo ndi amene amatuluka ndi zinyalala zolemera.

Apa ndi pamene ndimachedwa kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Ambiri amakankhira beseni pambali n'kuthamangira kuthira watsopano. Koma munthu amene sanamasule giyabokosi alibe mpata wina woonera za mkati mwake kupatula beseni limeneli.

Ndimalitulutsa padzuwa n'kulipendeketsa pang'onopang'ono. Choyamba ndimaona kuchuluka. Ngati bokosi la malita 1.5 latulutsa lita imodzi, theka lija linapita kwinakwake, ndipo ndiyenera kudziwa kumene linapita. Kenako mtundu. Oyilo wodera koma woonekera bwino wangokalamba, palibe mlandu. Wakuda bii, wopyapyala, wonunkha kupserera, ndiye kuti anachepa n'kutentha mopitirira. Kenako ndimatenga maginito amene ndinachotsa ku sipika ya wailesi yakale, ndimawakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuwayendetsa pansi pa beseni. Akatuluka ndi phala lotuwa losalala, loti mukalitikita pakati pa zala simumva kanthu, ndiko kudyeka kwa masiku onse, chitsulo chilichonse chogwira ntchito chimatero. Koma mukamva tizidutswa tokanda chala, tina tonyezimira tosongoka, ndiye kuti dzino lagumuka kapena bearing ikusweka. Zikatero oyilo watsopano sachiza. Galimotoyo ipite kwa makaniko isanamalize kudzidya.

Pali chinanso chimene maginito sagwira. Mukapendeketsa beseni padzuwa, nthawi zina mumaona tinthu tosalala tagolide tikuyandama n'kumang'anima. Umenewo ndi mkuwa, ndipo umachokera makamaka ku mphete za synchro. Mphete zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti giya ilowe mosakhula. Mukakankha ndodo, mphete ya mkuwa imayamba kukumbatira giya imene mukuifuna, n'kuifulumizitsa kapena kuichedwetsa mpaka liwiro lake lifanane ndi la shafuti, kenako mano ndiye amalowana. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kamene dzanja likusuntha. Dalaivala wopupuluma, wokankha ndodo mwamphamvu klatchi isanafike pansi, amadya mphete zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo umboni wake umabwera m'beseni.

M'beseni langa mkuwa umakhala wochepa kwambiri, ndipo ulemu wake si wanga. Amalume anaphunzira kuyendetsa pa Series IIA, imene inali ndi synchro pa giya yachitatu ndi yachinayi pokha. Kuti munthu atsike kupita pa yachiwiri mosakhula ankayenera kuponda klatchi kawiri: kuponda, kutulutsa giya, kusiya klatchi, kukweza injini pang'ono, kupondanso, n'kulowetsa. Series III itabwera ndi synchro pa magiya onse anayi, iwo sanasiye chizolowezicho. Ndikukumbukira phazi lawo likuvina pa zopondera tikutsika chitunda cha ku Chikwawa, ndodo ikulowa yokha ndi zala ziwiri, popanda phokoso. Mphete zimene zili m'bokosi lija zinapuma zaka zonse zimene iwo anaiyendetsa. Ndikaona oyilo wopanda golide ndimadziwa kuti ndikudyerera kuleza mtima kwa munthu amene anatisiya kale, ndipo ndimayesetsa kuti phazi langa lisawononge zimene lawo linasunga.

Mphete zomwezi ndi zimene zimachititsa kuti kusankha oyilo kukhale nkhani. M'sitolo mukanena kuti mukufuna wa giyabokosi, kawirikawiri amakutsitsirani chigubu chilichonse cholembedwa 90. Mukafunsa zambiri amati, "Ndi yemweyo, bwana, onse amagula ameneyu." Koma pachigubupo pali zilembo zina zing'onozing'ono, GL-4 kapena GL-5, magulu amene anakhazikitsa ndi bungwe la American Petroleum Institute. Munthu angaganize kuti 5 ndi wabwino kuposa 4, koma nkhani yake si ya kupambana, ndi ya ntchito zosiyana. GL-5 anapangidwira diff ya mtundu umene mano ake amatsetserekana atapanikizana kwambiri, ndiye ali ndi mankhwala ambiri a sulufule ndi fosifolasi oteteza chitsulo. M'giyabokosi yakale mankhwala ochulukawo angathe kudya mkuwa, komanso kuterera kwake kumalepheretsa mphete kugwira bwino, giya n'kuyamba kukhula. Opanga oyilo amanena kuti GL-5 wambiri wa masiku ano sawononga mkuwa, ndipo sindikuwatsutsa. Koma mphete za m'bokosi langa ndi zakale, zinzake zili kutali, ndiye ine ndimayenda sitolo ndi sitolo mpaka nditapeza 80W-90 wolembedwa GL-4.

Komanso si galimoto yakale iliyonse imene imamwa 90. Giyabokosi ya Morris Minor ndi ya MGB zimafuna oyilo wa injini. Ya Peugeot 504 chimodzimodzi. Mini, imene inatuluka mu 1959, injini ndi giyabokosi zimamwera pamodzi, oyilo wake ndi mmodzi yemweyo. Ngakhale m'banja la Land Rover momwemo, giyabokosi ya magiya asanu yotchedwa LT77, imene inabwera ndi mitundu ya 90 ndi 110, imafuna oyilo wofiira wopyapyala wa magalimoto a otomatiki. Kuthira 90 mmenemo n'kuilanga. Nambala nazo zimasokoneza: 90 wa magiya sali wolimba kuwirikiza kawiri 40 wa injini, miyezo yake ndi yosiyana, ndipo akatentha kulimba kwawo kumayandikana. Choncho munthu asamayendere zimene anzake amathira. Apeze buku la galimoto yake. Mabuku a magalimoto akale ambiri akupezeka pa intaneti, ndipo tsamba la mafuta ndi limodzi lokha.

Oyilo wa m'mabotolo osalembedwa, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, sindigula. Sindikunena kuti ogulitsawo ndi achinyengo. Kungoti botolo lopanda dzina silingandiuze ngati muli GL-4 kapena GL-5, ndipo wogulitsayo nayenso nthawi zambiri anangouzidwa.

Kuthira ndiye gawo lotopetsa. Bowo lili pambali, malo ndi opanikiza, chigubu sichingapendekeke. Ena ali ndi kapampu ka m'manja, ena amafinya botolo lokhala ndi kapaipi kukamwa. Ine ndimachotsa mpando wapakati ndi chivundikiro chimene chili pansi pake, n'kutsitsa paipi yoonekera mkati kuchokera m'galimoto mpaka m'bowo, fanelo ili pamwamba. Chigubucho ndimakhala nditachisiya padzuwa kuyambira m'mawa kuti oyilo apepuke. Ntchitoyi imakoma anthu awiri: wina pamwamba akuthira, wina pansi akuyang'ana. Masiku ano amandithirira ndi mwana wa mlongo wanga, ine ndili pansi ndikufuula kuti, "Pang'onopang'ono, mphwanga, asatsamwe!" Oyilo akayamba kuchucha pamlomo pa bowo, basi, wakwana. Ndimadikira kuchuchako kuthe, kenako ndimatseka.

Pali amene amapendeketsa galimoto kuti alowetse wochulukirapo, poganiza kuti akuikomera mtima. Oyilo wopitirira muyezo amachita thovu, amatentha, ndipo amakankha ma seal kufuna potulukira. Pa Land Rover akatulukira kumbuyo kwa transfer box amagwera mu handibuleki, nsapato zake n'kunyowa, ndipo tsiku lina mudzaikoka pachitunda osagwira. Pomanga mapulagi naponso pafunika dzanja lodziletsa. Mabokosiwa ndi a aluminiyamu, mazinga ake ndi ofewa. Ndimayamba ndi zala mpaka pulagi itakhala, washa watsopano ali pamalo pake, kenako sipanala pang'ono chabe. Kukanikiza ndi paipi yowonjezera pa sipanala ndi kumene kumabala mapulagi omata ndi guluu amene timawaona pansi pa magalimoto ambiri.

Za madzi ndiye zimatikhudza kwambiri kuno. Dzinja likafika, amene ali ndi Land Rover ndi amene amaitanidwa kukadutsa pamene ena alephera, pamtsinje wodzaza, pamlatho womira, kukatenga wodwala kapena maliro. Bokosi lotentha likamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umafota, ndipo limayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa seal yotopa. Madzi ndi oyilo zikapukusidwa pamodzi ndi magiya zimasanduka chinthu chotuwa moyererako, changati tiyi wothira mkaka wambiri. Oyilo wotero sateteza kanthu, ndipo galimoto ikaima masiku angapo dzimbiri limayamba kudya ma bearing. Choncho ndikawoloka madzi ofika m'chiuno mwa galimoto sindidikira nthawi ya sevisi. Ndimalowa pansi sabata yomweyo, n'kumasula mapulagi onse apambali, a ma diff omwe, kuona mtundu. Amene anapanga galimotoyi ankadziwa kuti idzawoloka mitsinje: pansi pa nyumba ya klatchi anasiya kabowo kotulutsira oyilo wodontha, ndi pulagi yake yoti mutseke musanalowe m'madzi, n'kuichotsanso mukatuluka. Pa Land Rover zambiri zimene ndaziona pulagi imeneyi inasowa kalekale.

Kuno kwathu tili ndi luso lalikulu loukitsa zakufa. Pitani ku Ndirande mukaone mmene amakaniko amatengera zitsulo za magalimoto atatu n'kupanga imodzi yoyenda, mmene amasulira chida chimene sitolo ilibe, mmene amamvera vuto ndi khutu pamene ena akanafuna kompyuta. Ndimawapatsa ulemu anthu amenewa, ndipo galimoto yanga ikuyenda chifukwa cha ena mwa iwo. Koma luso lomwelo latizoloweza kunena kuti ikadzawonongeka tidzakonza. Ndikumvetsa chifukwa chake. Ndalama ya malita anayi a oyilo imalimbirana ndi ya feteleza, ya fizi, ya chimanga, ndipo n'kovuta kuiwonongera pa chinthu chimene chikuyenda bwinobwino. Sindingaweruze munthu amene wasankha feteleza.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa magalimoto akalewa masamu ake asintha. Kale giyabokosi ikafa, ina inkapezeka pa galimoto yogona kuseri kwa galaja. Lero zogonazo zatha kudyedwa, ndipo zimene zatsala simudziwa kuti zinafa ndi chiyani. Zida zatsopano ziyenera kuchokera ku Britain kapena ku South Africa, zolipira ndi ndalama zakunja, zodikira masabata. Ambiri akamva mtengo amangoisiya galimotoyo pamiyala kuti tidzaona, udzu n'kumera m'matayala, kenako wina n'kudzagula zitseko, wina ma diff. Land Rover imene ikanatha kunyamulabe odwala zaka zina zambiri imathera pamenepo, chifukwa cha theka la lita limene linachoka osaonedwa. Kusintha oyilo kumalira ndalama, inde. Koma kumasula pulagi imodzi n'kulowetsa chala sikulira kanthu, ndipo ndi kumene kumapulumutsa mabokosi ambiri.

Oyilo wakale ndimamuthira m'chigubu chotseka bwino n'kukasiya ku galaja imene imasonkhanitsa. Ndikudziwa kuti kumudzi amamufuna wopaka mitengo ya khola ndi ya denga poopa chiswe, ena amathira m'chimbudzi. Wopaka mitengo ndimamumvetsa ngakhale sindikondwera nazo, chifukwa muli zitsulo ndi mankhwala osayenera khungu la munthu kapena la chiweto. Koma wothira pansi ndimamuletsa poyera. Dothi limene lamwa oyilo silimeranso kanthu kwa nthawi yaitali, ndipo mvula ikagwa amatsikira komwe kuli chitsime chimene tonse timamwa.

Ndikamaliza ndimaiyendetsa pang'ono, kudutsa magiya onse, ndodo yofiira ndi yachikasu zomwe, n'kuimika pamalo ouma nditayala katoni pansi pake. M'mawa mwake ndimaona ngati pali dontho, ndi pamene lagwera. Kenako ndimalemba m'kabuku ka m'galimoto, kamene amalume anayamba ndi pensulo: tsiku, mtunda, mtundu wa oyilo, kuchuluka kwa amene watuluka, ndi zimene ndaona m'beseni. Kabukuka ndi kamene kandionetsa kuti kusamuka kwa oyilo kuja kukukula, chifukwa amene ndimawonjezera kutsogolo akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo amene ndimachepetsa kumbuyo akuchuluka mofanana.

Seal yake ndi kanthu kakang'ono, kotsika mtengo. Koma kuti munthu aifikire ayenera kulekanitsa mabokosi awiriwo, ndipo pa Series III njira yabwino n'kuchotsa mipando, bokosi lokhalapo mipando ndi pansi ponse, giyabokosi n'kutulukira pakhomo. Ndayankhula kale ndi makaniko wina wachikulire amene anakulira pa magalimoto amenewa, ndipo tagwirizana kuti poti bokosi lidzakhala lili panja, tidzaonenso klatchi ndi ma bearing nthawi yomweyo. Ndaitanitsa ma seal onse ndi ma gasket ake. Ntchitoyo taiika mu September, fodya atagulitsidwa, mvula isanayambe.